Kompyuta ikati "cannot find -lssl", yasowa chiyani?

Achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu kuno ku Chonde, kuphatikizapo a ku yunivesite ya MUST akabwera ku tchuthi, amakonda kundionetsa mzere umodzi womwe umawafoola nkhongono: "ld: cannot find -lssl". Ambiri amathamangira kufufuta zomwe alemba, chonsecho zolemba zawozo zilibe mlandu.

Pulogalamu siisenza katundu wake yense. Ntchito zina, monga kubisa uthenga poutumiza pa intaneti, anazilemba kale anthu ena n'kuzisunga m'mafayilo omwe timati ma library. Pa Linux mayina awo amakhala ndi .so chakumapeto, nthawi zina yotsatiridwa ndi nambala. Ali ngati mtondo umodzi pabwalo, womwe nyumba zingapo zimasinjiramo.

Wolumikiza pulogalamu yanu ndi mafayilowa ndi linker, ndiye ld uja. Mukalemba -lssl, iye amaika "lib" kutsogolo ndi ".so" kumbuyo, n'kuyamba kusaka libssl.so. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Ubuntu ndi Debian nthawi zambiri amagawa library pawiri: phukusi loyendetsera mapulogalamu omalizidwa kale, ndi lina la omanga mapulogalamu, lomwe dzina lake limathera ndi -dev. OpenSSL, library yobisira uthenga yomwe -lssl ikuitana, ikhoza kukhalamo ndithu m'kompyuta yanu, koma popanda libssl-dev, dzina lomwe ld akufunalo mulibe. Ikani phukusilo ndi apt, nkhani yatha. Ngati fayilo ilipo koma munaiika kwanokha, mulozereni ld chikwatucho ndi -L.

Pali uthenga wina wofanana nawo: "error while loading shared libraries". Umenewu si wa ld ayi. Umabwera pulogalamu itamangidwa kale, pomwe mukuiyatsa, ndipo wosakayo ndi wina, ld.so, amene zomwe munalemba pa -L sazidziwa n'komwe. Lembani ldd ndi dzina la pulogalamuyo, muona chomwe chasowa. Ngati mwangoika kumene library mu /usr/local/lib, nthawi zambiri sudo ldconfig amakonza zonse.

Kwathu kuno vuto lachiwirili limachuluka chifukwa bandulo ndi yodula, ndiye timangokoperana mapulogalamu pa flash. Ubuntu 20.04 inkabwera ndi libssl.so.1.1, pomwe 22.04, yotuluka mu Epulo 2022, inasamukira ku libssl.so.3. Pulogalamu yomangidwa pa yakaleyo ikafika pa yatsopano, imangokana.

Ndiye pamapezeka anzeru zachidule amene amati ingopatsani libssl.so.3 dzina la 1.1. Chonde musatero. Nambala ija si yokongoletsera ayi, imasintha pamene mkati mwa library mwasintha kotero kuti mapulogalamu akale sangagwirizane nayo. Mukachita mwayi pulogalamu ikana pompo. Mukachita tsoka iyenda kaye, n'kudzagwa tsiku lina kalaliki wa kuchipatala ali pakati polemba odwala. Pemphani source code, ikani libssl-dev, mumangenso pulogalamuyo pa kompyuta yomwe izigwirirapo ntchito.