BULUKU LA ANCHITO LIMENE LIDACHUKA PA DZIKO LONSE

Ku Brackenfell, kunja kwa mzinda wa Cape Town, kumene kuli likulu la masitolo a Shoprite ndi nyumba zazikuru zosungiramo katundu, anchito ambiri, ena mwa iwo ocokera ku Malawi, amalawira ku nchito atabvala buluku la nsaru yolimba yabuluu lochedwa jinzi. Koma odziwa kumene lidacokera ndi owerengeka.

Mwini dzina lochuka koposa pa mabuluku amenewa, Bambo Levi Strauss, sanali telala ai. Iye adabadwira ku Buttenheim, m'dziko la Bavaria, mu 1829, nafika ku San Francisco mu 1853, pamene anthu anali kuthamangira golidi wa ku California. Iye sanagwire fosholo. Nchito yace inali kugulitsa nsaru ndi zofunda.

Nzeru yeniyeni inacokera kwa Jacob Davis, telala wa ku Reno, amene ankagula nsaru kwa Strauss. Poona kuti matumba a mabuluku a anchito acita kung'ambika msanga, Davis anakhomera timisomali ta mkuwa m'ngondya za matumbawo. Anthu anawakonda, koma iye anaopa kuti ena amlanda nzeruyo, ndipo analembera Strauss kalata kuti akailembetse pamodzi ku Boma. Pa 20 May 1873 Boma la America linawapatsa cikalata coletsa ena kusoka motero. Cizindikiro ca akavalo awiri olimbana ndi buluku limodzi cinayamba mu 1886. Strauss anamwalira mu 1902, ndipo mabuku akale a kampani anapsa ndi moto wotsata cibvomezi ca 1906.

Malonda anakula mpaka mu 1996 kampaniyi inagulitsa katundu woposa madola 7 biliyoni. Koma owerenga amene amalandira malipiro pa mwezi azindikire ici: kukula kwa dzina sikunateteze osoka. Pofika kuciyambi kwa 2004 kampani inali itatseka mafakitale ace otsiriza a ku America, a ku San Antonio, ndipo nchito inapita ku maiko kumene malipiro ali ocepa, monga Lesotho.

Ku South Africa, ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, Levi Strauss inatsegula fakitale ku Epping, mtunda wosatalika kucokera ku Brackenfell. Zaka zotsatira zinali zowawa kwa osoka a ku Cape Town, pakuti zobvala zochipa za ku China zinatseketsa mafakitale ambiri. A Malawi akudziwa bvuto lotere: fakitale ya nsaru ya David Whitehead ku Blantyre inafooka kaunjika atacuruka, ndipo inagulitsidwa mu 2003.

Lero buluku limene lidasokeredwa anthu a m'migodi liri la mtengo wakuti wanchito wamba amayamba wawerenga kawiri ndarama zace. Ambiri amakalifuna pa mulu wa kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe, nalitembenuza kuti aone ngati pa thumba la kumbuyo pali kansaru kofiira kaja, kamene kampani inayamba kusokerera mu 1936.