Ulendo wa tchuthi wa pa sitima yapamadzi

Ulendo wa tchuthi wa pa sitima yapamadzi, umene pa Chingerezi amati cruise, ndi ulendo umene anthu amakwera sitima n'cholinga chopuma ndi kuona malo, osati kungowoloka nyanja. Sitimayo imakhala ngati hotela yoyenda. Okwera amagona, kudya ndi kusangalala momwemo, ndipo kukamacha amapezeka ali padoko lina. Maulendo ambiri amatenga masiku apakati pa 3 ndi 14, ndipo kawirikawiri sitima imabwerera padoko limene inanyamukira. Izi n'zosiyana ndi ntchito ya sitima monga Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira m'chaka cha 1951. Ngakhale alendo ena amaikwera kuti akaone Likoma kapena Nkhata Bay, ntchito yake yeniyeni ndi yonyamula anthu ndi katundu.

Popeza malo ogona, chakudya ndi mayendedwe zimagulidwa pa tikiti imodzi, zambiri zokhudza tchuthicho zimatsimikizika pa tsiku losungitsa malo, kudakali miyezi ingapo. Munthu amene sanakonde hotela ya pamtunda angathe kusamukira ina, koma amene sanakonde sitima amangopirira mpaka ulendo utatha.

Mbiri mwachidule

Kampani ya ku Britain ya P&O inayamba kugulitsa maulendo okaona madoko a nyanja ya Mediterranean m'chaka cha 1844. Sitima yoyamba kumangidwira ntchito imeneyi yokha inali Prinzessin Victoria Luise ya kampani ya ku Germany ya Hamburg America Line, m'chaka cha 1900. Bizinesi ya masiku ano inakula ndege za jeti zitayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic mu 1958. Sitima zonyamula anthu pakati pa Ulaya ndi America zinasowa okwera, choncho eni ake anatembenukira kwa anthu a pa tchuthi. Makampani a Royal Caribbean ndi Carnival anakhazikitsidwa mu 1968 ndi 1972, ndipo mzinda wa Miami unasanduka likulu la bizinesiyi. Bungwe la makampaniwa, lotchedwa CLIA, linanena kuti mu 2023 anthu pafupifupi 31.7 miliyoni anayenda maulendo oterewa.

Njira ndi nyengo

Ambiri amayamba ndi kusankha dera, ndipo dera ndi limene limalamula mwezi wonyamuka. Ku Alaska sitima zimayenda makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ku Antarctica kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene ku Mediterranean zimachuluka kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Ku Caribbean zimayenda chaka chonse, koma nyengo ya anamondwe a pa Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Matikiti ambiri a mu Seputembala ndi Okutobala amatsika mtengo, ndipo wogula amakhala atavomera kuti njira ingasinthidwe pothawa mphepo.

Kum'mwera kwa Africa, kampani ya MSC Cruises imabweretsa sitima nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Kuchokera ku Durban pamakhala maulendo a masiku ochepa opita m'mbali mwa Mozambique, monga ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, komanso ataliatali opita ku Mauritius ndi Réunion. Kuchokera ku Cape Town sitima zimafika ku Walvis Bay m'dziko la Namibia. Kwa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, madoko awiriwa ndiwo apafupi, koma miyezi imeneyi ndi yomwenso anamondwe amachitika kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian.

Mndandanda wa madoko umafunika kuuwerenga mofatsa, chifukwa dzina lolembedwa pa chikalata chotsatsa malonda nthawi zina si la malo amene sitima imakocheza. Pamene alemba Rome, sitima imaima ku Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzindawo. Pamene alemba Paris, doko lake ndi Le Havre, makilomita pafupifupi 200, kotero kuti theka la tsiku limathera m'basi. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzinda wa Venice, ndipo zambiri zimakocheza ku Marghera, Trieste kapena Ravenna. Palinso malo opanda doko lakuya, kumene sitima imaima patali ndipo okwera amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono. Mafunde akakula, woyendetsa sitima amangopitirira osatsitsa munthu. Maola oima padoko nawonso amasiyana kwambiri: kufika 8 koloko m'mawa n'kunyamuka 1 koloko masana si chimodzimodzi ndi kugona padokopo.

Kampani ndi kukula kwa sitima

Mayina a makampani ndi ambiri, koma eni ake ndi ochepa. Carnival Corporation ndi mwini wa Princess, Holland America, Cunard, Costa ndi ena, Royal Caribbean Group ili ndi Celebrity ndi Silversea, ndipo Norwegian Cruise Line Holdings ili ndi Oceania ndi Regent Seven Seas. MSC, imene likulu lake lili ku Geneva, ndi ya banja la Aponte. Dzina lililonse limalunjika gulu lake la anthu. Ena amakopa mabanja a ana ang'onoang'ono, ena anthu achikulire ofuna bata, ndipo ena salola n'komwe ana. Chinenero cha m'sitima nachonso n'chofunika, mwachitsanzo sitima za AIDA zimagwiritsa ntchito Chijeremani.

Sitima ya Icon of the Seas, imene inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2024, ndi yaitali mamita pafupifupi 365 ndipo ingathe kutenga okwera 7,600. Pa sitima yotere zosangalatsa zenizeni zili m'kati momwemo, monga maiwe osambira, masewero ndi malo odyera ambirimbiri, koma mizere imatalika ndipo madoko ang'onoang'ono siingalowe. Sitima za m'mitsinje ya Rhine ndi Danube nthawi zambiri zimatenga anthu osapitirira 200 ndipo zimakocheza pakati penipeni pa mizinda. Vuto lake ndi kuchepa kwa madzi: mu 2018 ndi 2022 mitsinjeyi inaphwa kwambiri moti okwera ena anamaliza mbali ya ulendo wawo pa basi. Ku Antarctica kukula kwa sitima ndi nkhani yaikulu koposa, chifukwa sitima yonyamula anthu oposa 500 siiloledwa kutsitsa aliyense kumtunda.

Chipinda

Zipinda zilipo za mitundu inayi: cham'kati chopanda zenera, chokhala ndi zenera losatseguka, chokhala ndi khonde, ndi chachikulu chokhala ndi pabalaza. Amene amachita nseru ndi chizungulire pamadzi amasankha chipinda chapakati pa sitima, pa nsanjika zam'munsi, chifukwa kumutu ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Ozolowera amayang'ananso mapu a nsanjika kuti aone chimene chili pamwamba ndi pansi pa chipindacho, popeza kugona pansi pa khitchini kapena malo ovinira kumasowetsa tulo. Makampani amagulitsanso motsika mtengo malo opanda nambala ya chipinda. Wogula amangotsimikiziridwa mtundu wa chipinda, ndipo kampani imasankha yokha pamene chili.

Mtengo wotsatsidwa umakhala wa munthu mmodzi, powerengera kuti m'chipindamo mugona anthu awiri. Woyenda yekha amalipiritsidwa ndalama yowonjezera imene ingafike mtengo wonse wa munthu wachiwiri. Sitima ya Norwegian Epic, ya mu 2010, inatchuka chifukwa chokhala ndi tizipinda ta munthu mmodzi, ndipo makampani ena anatsanzira, ngakhale tizipindati timakhala tochepa ndipo timatha msanga.

Mtengo weniweni

Apa ndi pamene oyenda koyamba amapunthwa kwambiri. Tikiti imalipirira chipinda, chakudya cha m'malo odyera akuluakulu ndi zosangalatsa zambiri. Siilipirira mowa, zakumwa zoziziritsa kukhosi, intaneti, kuchapitsa zovala, malo odyera apadera kapena maulendo a kumtunda, kupatula pa makampani odula amene amaphatikiza zonse. Pa sitima zikuluzikulu za ku America, munthu aliyense amadulidwa tsiku ndi tsiku ndalama yothokozera antchito, imene imakhala madola apakati pa 15 ndi 20 kapena kuposerapo. Banja la anthu anayi pa ulendo wa masiku 7 lingalipire madola oposa 400 pa chinthu chimenechi chokha. M'sitima sagwiritsa ntchito ndalama zapamanja. Wokwera amapatsidwa khadi limene limatsegula chipinda ndi kugulira zinthu, ndipo bilu yonse imabwera pomaliza, zimene zimachititsa kuti munthu awononge ndalama asakuzindikira. Pamwamba pa izi pali tikiti ya ndege yopita kudoko, imene kwa munthu wochokera kutali ingapose mtengo wa sitimayo.

Kusungitsa malo

Malo amasungitsidwa ku kampani yeniyeniyo, pa intaneti kapena pa foni, kapena kudzera kwa maejenti a maulendo. Maejenti akadali ofunika m'bizinesi imeneyi kuposa pa matikiti a ndege, chifukwa zosankha n'zambiri. Kawirikawiri amalandira komishoni kuchokera ku kampani ya sitima, choncho wogula salipira zambiri, komabe ndi bwino kukumbukira kuti wopereka malangizoyo amapindula malonda akachitika.

Makampani amatsegula malonda kudakali chaka chimodzi kapena ziwiri. Wogula msanga amasankha chipinda chimene akufuna, pamene wodikira mpaka kumapeto nthawi zina amapeza mtengo wotsika koma pa zipinda zotsala. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi imene makampani amatsatsa kwambiri. Otsika mtengo enanso ndi maulendo osamutsa sitima kuchoka dera lina kupita lina nyengo ikatha, monga kuchoka ku Mediterranean kupita ku Durban. Amakhala ndi masiku ambiri apanyanja ndipo sabwerera kumene anayambira.

Wogula amayamba ndi dipoziti, ndipo yotsalayo amamaliza kudakali miyezi iwiri kufika inayi. Tsiku limeneli likadutsa, wolephera ulendo amataya gawo la ndalama zake, ndipo gawolo limakula mpaka kufika ndalama zonse m'masabata omaliza. Mitengo ina yotsika imabwera ndi dipoziti yosabwezedwa. Chifukwa cha zimenezi anthu amagula inshuwalansi nthawi yomweyo. Inshuwalansiyo imathandizanso pa matenda, popeza chipatala cha m'sitima n'cholipira, ndipo kusamutsira wodwala kumtunda kumadula kwambiri.

Ndalama zolipiriratu zingathenso kulowa m'madzi kampani ikagwa. Mu Malichi 2020 maulendo anaima chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo makampani ambiri ankalimbikitsa ogula kulandira chikalata choti adzayendere mtsogolo m'malo mwa ndalama. Kumayambiriro kwa 2022 Crystal Cruises inasiya kuyenda kampani imene inali mwini wake, Genting Hong Kong, itagwa, ndipo ogula anatsala akulondola ndalama zawo. Ku Britain, maulendo ogulidwa pamodzi ndi tikiti ya ndege amatetezedwa ndi dongosolo la ATOL, koma si mayiko onse amene ali ndi chitetezo chotere.

Ziphaso ndi malamulo

Udindo wopeza ziphaso ndi wa wokwera. Makampani ambiri amafuna pasipoti imene idzakhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi 6 ulendo utatha. Viza imafunika ya dziko lililonse limene sitima idzaime, nthawi zambiri ngakhale munthuyo asakufuna kutsika. Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen pa maulendo ambiri a ku Mediterranean ndi viza ya United States ponyamukira ku Miami. Wofika padoko wopanda chiphaso amabwezedwa, ndipo ndalama zake sizibwezedwa. Makampani ambiri sanyamulanso amayi amene pakati pawo padzakhale patafika masabata 24, kapena makanda osakwana miyezi 6.

Mgwirizano wa pa tikiti umapatsa kampani ufulu wosintha madoko chifukwa cha nyengo, nkhondo kapena kuwonongeka kwa makina. Mu 2024 sitima zambiri zinapewa Red Sea chifukwa cha kuukiridwa kwa zombo, ndipo zina zinazungulira ku Cape. Ofuna kudziwa za ukhondo angaone malipoti a bungwe la ku America la CDC, limene limayendera sitima zofika m'madoko a dzikolo n'kuzipatsa malikisi mpaka 100. Yopeza 85 kapena kucheperapo imakhala italephera.

Tsiku lokwera

Ochokera kutali amalangizidwa kufika mumzinda wa doko kutatsala tsiku limodzi, chifukwa ndege ikachedwa sitima siidikira. Asananyamuke, kapena atangonyamuka kumene, okwera onse amaonetsedwa malo osonkhanira pa ngozi ndi kavalidwe ka jekete loyandamitsa. Lamuloli linakhwimitsidwa sitima ya Costa Concordia itagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy pa 13 Januwale 2012, pamene anthu 32 anamwalira ndipo ena mwa okwera anali asanaphunzitsidwe zochita.

Pa madoko a m'njira, okwera amayenera kubwerera sitima isananyamuke, potsata wotchi ya m'sitima imene nthawi zina imasiyana ndi ya kumtunda. Amene apita ndi gulu lokonzedwa ndi kampani amadikiridwa basi yawo ikachedwa. Amene ayenda paokha amalipira zochepa, koma akachedwa amasiyidwa, ndipo amadzilipirira okha ulendo wokakumana ndi sitimayo padoko lotsatira.