Nsomba zake timadya, koma nyanja ya m'mapiri a Songo tinaiona ndife angati?

Mayi aliyense wogula ndiwo pamsika wa ku Ulónguè, ku Domwe kapena ku Furancungo amaidziwa nsomba ya chikowa, ija yong'amba pakati ndi kuithira mchere wambiri, imene sungaiphike usanaiviike m'madzi. Koma mutaimitsa anthu khumi pamsikapo ndi kuwafunsa kumene dzinali linachokera, mwina angayankhe ndi mmodzi yekha. Chicoa ndi dzina la malo, abale. Malowo ali m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa, imene ambiri a ife timangoimva pa wailesi.

Alendo ochokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe amayenda mtunda wautali, atamangirira maboti kumbuyo kwa magalimoto awo, kudzapuma m'mapiri ozungulira nyanja imeneyi. Amaima pamzere pamalire, amadinditsa mapasipoti, amalipira. Ife sitifuna chidindo cha munthu, chiphaso cha m'thumba ndi chokwanira. Komabe mwana wa ku Tsangano amatha sukulu akudziwa Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe, koma Songo osamudziwa. Zifukwa zake si zobisika. Ndalama ndi zovuta, ndiponso nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992 inatizoloweza kuyang'ana kumalire, kumene tinathawira, ndi kufulatira chigawo chathu. Tsono lero tiyeni titembenuke.

Wochokera ku Angónia amakwera shapa yopita ku Tete, kudzera ku Moatize. Asanalowe mumzinda amawoloka Revúboè, mtsinje umene umayambira kumapiri a kwathu konkuno, ndipo kenaka amafika pa Zambezi, pamene pali mlatho wolenjekeka pa zingwe wa Samora Machel. Kutentha kwa Tete musakuderere, inu ozolowera chisanu cha ku Domwe. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi a m'botolo amasanduka ofunda musanafike pakati pa mlatho. Amene ali ndi tsiku lapadera aone linga lakale la Apwitikizi la São Tiago Maior pafupi ndi mtsinje, kenaka apite ku Boroma, pafupifupi makilomita 25 kumtunda kwa Zambezi, kumene ansembe a Chiyezuiti anayambitsa mishoni ya São José m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chake chili pachitunda, chikuyang'ana mtsinje, ndipo chimaoneka munthu akali kutali.

Kuchoka ku Tete kufika ku Songo ndi makilomita pafupifupi 150. Mumayamba ndi msewu wopita ku Changara, mumakhota pa Matambo, ndi kudutsa dziko louma la milambe ndi mbuzi mpaka ku Chitima, likulu la boma la Cahora Bassa. Mukapitirira pamenepo msewu umayamba kukwera phiri mokhotakhota, ndipo mpweya umasintha mukuumva. Songo ali pamwamba, ndi kozizirira kusiyana ndi kuchigwa, ndipo munthu wa kwathu amapuma bwino akafikako.

Damu lenilenilo lili kunsi kwa tauniyo, pamene Zambezi amapanikizika pakati pa mapiri awiri a miyala. Khoma lake ndi lotalika mamita 171 kuchoka pansi, ndipo pamwamba pake, kuchoka phiri ili kufika phiri lija, ndi mamita 303. Poliona koyamba ambiri amadabwa kuti ndi lalifupi chotere m'litali, pamene madzi amene latsekereza abwerera m'mbuyo makilomita pafupifupi 250, mpaka ku Zumbo kumalire a Zambia ndi Zimbabwe. Makina opanga magetsi simungawaone muli panja, chifukwa ali m'phanga lalikulu limene anakumba m'kati mwa phiri. Alipo 5, aliyense wa mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Kuti mulowe kukaona muyenera kupempha chilolezo ku maofesi a kampani ya HCB ku Songo komweko. Si malo ongofikapo ngati pachigayo.

Ntchito yomanga inayamba mu 1969, nthawi ya atsamunda, ndipo madzi anayamba kudzaza mu Disembala 1974, ufulu utatsala miyezi yochepa. Magetsi ake sanawapangire ife. Anawakokera ku South Africa pa mawaya otalika makilomita oposa 1,400, ndipo akuluakulu a kuno akukumbukira kuti kwa zaka zambiri nyali za ku Zóbuè ndi ku Ulónguè zinkayaka ndi magetsi ochokera ku Malawi, pamene damu lalikulu chotere lili m'chigawo chathu. Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1975, gawo lalikulu la kampaniyo linakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka pa 27 Novembala 2007, pamene Mozambique inatenga magawo 85 pa 100 alionse, Pulezidenti Armando Guebuza nalengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Ngati ndi yathudi, sindikuona chifukwa chakuti ana athu aziidziwa m'buku lokha.

Mukaima pamalo okwera ndi kuyang'ana madzi obiriwira aja ali phee pakati pa mapiri, kumbukirani kuti pansi pake pali minda, manda ndi mabwalo a anthu. Ofufuza mbiri amati anthu oposa 30,000 anachotsedwa m'mphepete mwa mtsinje ndi kukaikidwa m'midzi yokakamiza ija ya aldeamento, kutali ndi nthaka ya m'dimba imene inkawapatsa zokolola kawiri pachaka. Sanafunsidwe maganizo. FRELIMO inali itatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, kotero kuti Apwitikizi anazinga Songo ndi waya waminga ndi mabomba okwirira pansi pofuna kuteteza ntchito yawo. Mabombawo anakhala m'nthaka zaka makumi angapo, akuopseza alimi ndi ziweto, mpaka anakumbidwa, ndipo mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba m'dziko muno ayeretsedwa. Ndiye chifukwa chake lero munthu angathe kukwera mapiri a Songo wapansi. Komabe tengani mwana wa komweko akutsogolereni. Njira za m'matanthwe zimasokeretsa, ndipo ludzu la kumeneko silichedwa.

Chicoa yemwe uja wa nsomba ali ndi mbiri yakale kuposa damu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 Apwitikizi anamva mphekesera zakuti kumeneko kuli migodi ya siliva, ndipo anatumiza asilikali, kumanga malinga ndi kutaya miyoyo yambiri pofunafuna chuma chimenecho. Migodi ikuluikulu imene ankailota sanaipeze. Chimene chatchukitsa dzinali mpaka kufika m'miphika yathu ndi nsomba ya mchere.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ife a kumalire kuposa mmene tingaganizire. Damu lisanamangidwe, pamalopa panali mathithi oopsa amene azungu ankawalemba kuti Kebrabasa. Anthu amamasulira dzinali kuti ndi pamene ntchito imathera, pakuti opalasa ngalawa ochokera kumunsi akafika apa sankatha kupitirira. David Livingstone potsika ndi Zambezi mu 1856 analambalala malowa podzera kumtunda, ndipo anakauza anthu a kwawo ku Britain kuti mtsinjewu ungakhale msewu wa sitima zolowera m'kati mwa Africa. Atabweranso mu Novembala 1858 ndi sitima yake ya nthunzi yotchedwa Ma Robert, miyala ya pano inamutsutsa. Atasowa chochita anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo mu Sepitembala 1859 anafika ku nyanja imene ife timati Niassa, anzathu a tsidya lija amati nyanja ya Malawi. Mamishoni a Chingelezi ndi a Chisikoti anatsata njira yomweyo, ndipo pambuyo pawo panabwera ulamuliro wa Angelezi. Ine ndikaganiza za malire amene amadula pakati pa Achewa ndi Angoni a mtundu umodzi, ena kuphunzira Chingelezi ena Chipwitikizi, ndimaona kuti miyala ya Cahora Bassa ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Mu 1860 mnzake wa Livingstone, John Kirk, bwato lake linagubuduzika m'mathithi omwewa, nataya zolemba ndi zojambula zake. Ambiri mwa mathithiwo tsopano ali pansi pa nyanja.

Nanga alendo aja amadzachita chiyani? Chachikulu ndi kuwedza mcheni, nsomba ya mizeremizere ya mano ngati minga. Mcheni ukagwidwa sugonja msanga. Umalumpha pamwamba pa madzi, umapukusa mutu, ndipo umadula chingwe ndi mano, kotero kuti odziwa amamangirira kawaya pafupi ndi mbedza. Mlendo amalimbana nawo mpaka thukuta kamukamu, akaukoka amauyeza, amajambulitsa nawo chithunzi, basi n'kuubwezera m'madzi. Ndikudziwa kuti agogo akamva zimenezi agwira pakamwa, kuti munthu angataye bwanji ndiwo ili kale m'manja. Koma eni malo ogona alendo amaonetsetsa zimenezi chifukwa mcheni ukatha, alendonso atha. Muli nsomba zinanso, monga pende ndi vundu, mlamba waukulu uja umene umatha kulemera ngati mwana wa sukulu. Amene akufuna kuwedza kwa masewera ayambe wafunsa za chilolezo kwa a zausodzi.

Wosakonda mbedza angathe kukwera boti ndi kulowa m'mpata wa mapiri uja, kumene matanthwe amaima chilili mbali zonse ziwiri, milambe itamera m'malo amene ngakhale mbuzi ingaganize kawiri. Nkhwazi zimalira pamwamba, mvuu zimatulutsa makutu m'magombe. Usiku nyanja imadzaza ndi nyali ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a kapenta, amene amatsitsa ukonde pansi pa nyali yowala ndi kudikira kuti tinsombato tisonkhane. Kapenta si nsomba ya Zambezi ayi. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anaitenga kukaiika ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo kuchoka kumeneko inatsika yokha ndi madzi mpaka kudzakhazikika muno.

Chenjezo limodzi ndilinene mosapsatira: musasambe m'nyanjayi. Ng'ona zilimo zambiri ndipo sizisankha mlendo kapena mwini dziko. M'madzi osayenda a m'magombe mulinso likodzo. Mphepo nayo ikauka pamalo otambalala mafunde amakula msanga, tsono musakwere bwato lodzaza mopitirira, ngakhale mwini wake alumbire motani.

Tsidya la kumpoto kwa nyanja ndi maboma a Marávia ndi Zumbo, ndipo dzina lakuti Marávia ndi Maravi yemwe uja, dziko la makolo athu a ufumu wa Undi. Kummwera kuli nkhalango yotetezedwa ya Mágoè, imene boma linaikhazikitsa mu 2013, kumene kuli njovu ndi nyama zina. Dera lomwelo ndi kumene kunayambira ntchito ya Tchuma Tchato mu 1994, dzina limene Mchewa aliyense angalimve popanda womasulira: chuma chathu. Cholinga chake chinali chakuti midzi yokhala ndi nyama izilandira gawo la ndalama zimene alenje olipira amasiya. Alimi amene njovu zimawadyera mapira ali ndi zonena zawo pa kukula kwa gawolo.

Zumbo ali kutali, kumapeto kwenikweni, ndipo ulendo wake si wa Loweruka ndi Lamlungu. Koma wolimba mtima akafikako amaima pamene Luangwa amathira mu Zambezi, akuona Zambia tsidya lina ndi Zimbabwe tsidya lina. Apwitikizi anatsegulapo msika wa golide ndi minyanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo Livingstone podutsapo mu 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Chapafupi ndi pomwepa ndi pamene Angoni a Zwangendaba anawolokera Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana dzuwa n'kuda masana. Angoni a Maseko, amene anadzakhala ku Domwe, anawolokera malo ena ndi nthawi ina, koma ulendo wake unali wochokera kumodzi.

Nyanjayi nayonso imasintha. Chilala cha mu 2024 chinatsitsa madzi kwambiri, mpaka kampani inachepetsa magetsi opanga. Ndipo makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa khoma, pa Mphanda Nkuwa, boma likufuna kumanga damu lina la mamegawati 1,500, ndipo linasainirana pangano ndi makampani akunja mu Disembala 2023. Likadzamangidwa, chigawo china cha mtsinje chidzamira, ndipo mabanja ena adzasamutsidwa. Ndi bwino kuti ife a m'chigawo chino tikhale titaona ndi maso zimene damu loyamba linachita, zabwino ndi zowawa zomwe, pamene nkhani ya lachiwiri ikukambidwa.

Za ndalama tsono. Malo ogona a m'mphepete mwa madzi anawamangira alendo a matumba olemera, ndipo mlimi wa mbatata sangayerekeze. Koma kuona nyanja sikufuna kugona pamenepo. Kwaya ya mpingo, gulu la alimi kapena kalasi ya sekondale angathe kusonkherana mbatata ndi chimanga zikagulitsidwa, kubwereka shapa imodzi, kunyamula ufa, nyemba ndi mapoto, ndi kupempha malo ogona kumpingo kapena kusukulu ya ku Chitima kapena ku Songo. Timachita kale zotere popita kumaukwati ndi kumisonkhano ya mpingo. Miyezi yabwino kwa ife ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kutentha kusanafike, misewu ili youma. Aphunzitsi amene akufuna kuti ana akalowe m'phanga la makina alembe kalata ku HCB nthawi ikadalipo, atchule tsiku ndi chiwerengero cha ana, ndipo wamkulu aliyense asaiwale chiphaso chake.