Mutu wa Cing'alang'ala: Zimene Banja Lingacite Popanda Ndalama Zambiri

M'mabanja ambiri muli munthu amene timamudziwa ndi duku lomangidwa zolimba pamphumi. Dzulo anali bwino, akusesa ndi kuseka. Lero wagona m'cipinda, safuna kuwala, safuna phokoso la ana, ndipo fungo la kapenta wokazinga limamucititsa nseru. Apongozi amanong'ona kuti ndi ulesi, ena amayamba kuganizira anthu oipa. Komatu nthenda imeneyi ndi yodziwika bwino kucipatala. Ndi mutu wa cing'alang'ala, umene madokotala amaucha migraine.

Kawirikawiri mutuwu umawawa mbali imodzi, ukugunda ngati mtima, ndipo umakula munthu akamayenda kapena kuwerama. Ukapanda kucizidwa umatha maola 4 mpaka 72. Ena amayamba aona timizere tonyezimira m'maso mutu usanafike. Amayi ndiwo amavutika nawo kwambiri kuposa abambo, makamaka masiku a kumwezi akayandikira. Kafukufuku wa khomo ndi khomo amene anacitika muno m'Zambia, wofalitsidwa m'caka ca 2015, anapeza kuti oposa mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse ali ndi nthendayi. Conco si vuto la anthu ocepa ayi.

Coyamba cimene tiyenera kumvetsa ndi cakuti ubongo wa munthu wotere sukonda zosinthasintha. Kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale pa Sondo, kumathandiza koposa mmene ambiri timaganizira, ndipo sikulira ngwee. Cakudya naco cimodzimodzi. Timawadziwa amayi amene amalawirira kumsika kapena kumunda m'mimba muli pululu, nadikira nsima ya madzulo pofuna kuti ana akhute. Mtima wao ndi wabwino, koma njala ya tsiku lonse ndiyo imaitana mutuwo. Kapu ya phala, kandolo wowiritsa kapena nshawa zodzaza dzanja zomangidwa pa citenje ndi zokwanira. Tikumbukirenso kuti Mpingo sukakamiza odwala kusala cakudya pa Lacitatu la Phulusa kapena Lacisanu Loyera. Madzi akumwa akhale pafupi nthawi zonse, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa limaswa mtengo.

Tsono tione nyumba. Si onse ali ndi cipinda capadera, koma kakona kamodzi kangakonzedwe. Citenje cakuda copindidwa pawiri kapena bulangete lakale likapacikidwa pa windo limacita nchito ya makatani odula. Nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha ngati uvuni masana. Mphasa yoyalidwa pansi pa simenti, kutali ndi khoma limene likuwombedwa ndi dzuwa, ndi kansalu konyowa pamphumi zimapereka mpumulo. Wailesi icepetsedwe, foni iikidwe patali, ana akasewere panja. Apa ndiye pamaoneka mtima wa banja, pakuti wodwala sangapume ngati mapoto akumudikira. Bambo kapena mwana wamkulu akaphika nsima tsiku limenelo, palibe cimene cawonongeka.

Fungo nalo timalipeputsa. Parafini, petulo, mafuta onunkhira kwambiri, utsi wa fodya ndi wa mapulasitiki amene ena amakolezera moto, zonsezi zingautse mutu. Mbaula ikolezedwe panja ndipo ikhale panja. Kugona ndi makala oyaka m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira kumabweretsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi kuwawitsa mutu nutsiriza ndi kupha.

Zoutsa mutu zimasiyana munthu ndi munthu, motero kabuku ka sukulu kamodzi ndi pensulo ndi zida zofunika. Mutu ukabwera, tilembe tsiku, maola amene tinagona, zimene tinadya, ngati tinamwa mowa, ngati tinali ndi nkhawa kapena kumwezi, ndiponso mapiritsi amene tamwa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu cithunzi cimayamba kuoneka. Tisathamangire kusala zakudya khumi cifukwa ca zonena za anansi. Tisiye cokhaco cimene kabukuko katiwonetsa mobwerezabwereza. Kabuku komweko tikapite nako kukiliniki.

Pa za mankhwala pali msampha. Panadol, aspirin kapena Brufen amathandiza bwino akamwedwa msanga, mutu utangoyamba. Koma popeza amagulidwa mosavuta pa kantemba kalikonse, ena amamwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mapiritsiwo amasanduka gwero la mutu wosatha. Madokotala amacenjeza kuti kumwa mankhwala amenewa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, kapenanso masiku 10 ngati ndi osakaniza ndi kafeini kapena codeine, kumabweretsa vutoli. Kafukufuku uja anapeza kuti ndi lofala kwambiri m'matauni kuposa kumidzi. Amene mutu umawagwira kangapo pa mwezi afunse za mankhwala oteteza, monga amitriptyline ndi propranolol, amene ndi akale, osadula, koma ofunika uphungu wa dokotala. Amayi apakati ndi anthu a zilonda za m'mimba asamwe aspirin kapena Brufen mwa okha, ndipo aspirin asapatsidwe kwa ana osakwana zaka 16.

Si mutu uliwonse umene uli wa cing'alang'ala. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphenzi, mutu wa limodzi ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, kufooka mbali imodzi ya thupi, kulephera kulankhula, kukomoka, mutu wotsatira kugwa kapena kumenyedwa, ndi mutu waukulu mwa mayi wapakati, zimenezi si za citenje pa windo. Angakhale malungo, nthenda youmitsa khosi, sitiroko kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo wodwalayo apite naye kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.