Khofi wa pa mbaula: osamuphika ngati nyemba!

Sabata yatha ndinagona kwa ba aunt ku Garneton. M'mawa malaiti kulibe, mbaula yayaka kale. Ine ndinabwera ndi paketi ya khofi wogaya, wa ndalama zanga, kuti ndionetseko ukatswiri. Ba aunt anautsanulira mu poto, nkuusiya ubwate mphindi 10 monga tiyi wa pa maliro. Wowawa ngati mankhwala a malungo! Shuga masipuni anayi, koma palibe chinasintha.

Ambiri aife tinakula ndi Ricoffy, amene ni khofi wosakaniza ndi chicory, wongosungunula m'kapu. Khofi wogaya ni nkhani ina, ndipo Zambia ili naye wake. Amalimidwa ku Kateshi pafupi ndi Kasama, komanso ku mapiri a Munali ku Mazabuka. Wambiri amapita kunja, azungu akumwa, ise tili phee. Mukapita ku mashopu akulu mu Kitwe, werengani paketi muone kumene achokera.

Manje mverani. Makina safunika. Poto, sefa ya tiyi ya pa Chisokone, ndi wotchi ya pa foni, basi.

Madzi akabwata, chotsani poto pa moto, dikirani mphindi imodzi. Madzi obwata pamodzi ndi khofi ndiye amatulutsa kuwawa konse kuja. Ikani masipuni awiri akulu pa kapu imodzi, kapena magalamu 60 pa lita ngati muli ndi alendo. Thirani madzi pang'ono chabe poyamba, muone thovu likukwera. Ni chizindikiro chakuti khofi akali watsopano. Thirani otsala, vundulani kamodzi, vundikirani. Mphindi zinayi. Osati zisanu ndi zitatu chifukwa mwaiwalira pa TikTok. Sefani pang'onopang'ono, matope a pansi asiyeni mu poto.

Poto nayo ikhale yoyera. Ya kapenta ija, iyayi, pokhapokha ngati mufuna khofi wonunkha Mpulungu. Paketi mukatsegula, sungani mu botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi sopo.

Anyamata a shifiti ya usiku ku Mindola, imwani mukayamba ntchito, osati pochoka. Theka la caffeine limakhalabe m'thupi maola pafupifupi asanu, ndiye mudzafika kunyumba maso ali gwa, tulo kulibe.

Tsiku lachiwiri ndinapanga ndine. Ba aunt analawa, nkupempha kapu ina, koma shuga anaikabe anayi.