Foni Yafa Kapena Yangokomoka? Za Kukonza Polumikizira Magetsi pa Doko la Kachulu

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, msodzi akabwera ndi foni yokana kutchaja amangoti, "Bambo, foni yanga yafa." Amalume anga, omwe akhala akukonza mawailesi ndi mafoni pamalopa kwa zaka zambiri, savomereza mawu amenewa. Iwo amati chipangizo chamagetsi chimafa pokhapokha bolodi yake ikapsa, ndiye kuti kathabwa kobiriwira kaja kokhala ndi tinjira ta kopa. Zina zonse amazitcha kukomoka. M'nkhani ino ndifotokoza kukomoka kumene ndinakuona kawirikawiri pamene ndinkawathandiza pa tchuthi, komwe ndi kuwonongeka kwa polumikizira, pamene waya wa chaja amakumana ndi bolodi.

Vutoli lachuluka kwathu chifukwa cha nyanjayo. Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira madzi mu Chilwa, koma palibe mtsinje wotuluka. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsalira. Asodzi a matemba ndi milamba omwe amagona pa zimbowera amasunga mafoni m'majumbo, komabe chinyezi chamchere chimalowa. Nyanja itaphwa m'chaka cha 2018, ine ndili ku sekondale, fumbi lotuwa lochokera pansi pake linkalowanso paliponse. Mchere ukakumana ndi chinyezi pa chitsulo chimene mukuyenda magetsi, chitsulocho chimadyeka msanga, ndipo pa kopa pamamera dzimbiri lobiriwira.

Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi polumikizira pa mtundu wa micro-USB. M'kati mwake muli timiyendo tisanu. Tiwiri tam'mphepete ndi timene timanyamula magetsi a mavoti 5 otchajira batire, pamene tapakati ndi ta mauthenga ndi zina. Timiyendoti timamatidwa ku bolodi ndi mtovu wowotcherera, ndipo apa ndi pamene pali gwero la mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi dzimbiri lija. Dzimbiri limapanikiza njira ya magetsi, ndipo magetsi akamadutsa mopanikizika amatulutsa kutentha. Kutenthako kumafooketsa chitsulo ndi kuwonjezera dzimbiri, njira n'kupanikizika koposa kale, mpaka pulasitiki yozungulira imada ndi kusungunuka. Lachiwiri ndi mng'alu. Munthu akamalowetsa ndi kuzula chaja tsiku ndi tsiku, mtovu umang'aluka mozungulira kamwendo, kamng'alu koti maso paokha sangakaone. Foni yotere imatchaja mwini wake akapinda waya kapena akaitsamiritsa pa mwala. Ambiri amasangalala kuti apeza nzeru, osadziwa kuti akukulitsa balalo.

Amalume sathamangira moto. Amayamba achotsa batire, kenako amayesa chaja china, chifukwa nthawi zina wolakwa ndi waya chabe. Akatero amatsuka polumikizirapo ndi mswachi wakale woviikidwa mu sipiriti, n'kusuzumira ndi galasi lokuza zinthu. Ngati ndi mng'alu wokha, amapaka flux, mafuta omwe amayeretsa chitsulo kuti mtovu ugwire, n'kusungunulanso mtovu wakale powonjezera watsopano pang'ono. Malo omatidwa bwino amaoneka osalala. Akaoneka ngati chibuluma cha nsima ya dzulo, ndiye kuti moto unachepa ndipo adzang'alukanso.

Pali mfundo ina imene ndinachedwa kuimvetsa. Mtovu wakale, wosakaniza ndi chitsulo cha tin, umayamba kusungunuka pa madigiri 183. Koma kuyambira mu 2006 mayiko a European Union analetsa mtovu weniweni m'zipangizo zambiri zamagetsi chifukwa ndi poizoni, ndipo mafakitale anasinthira ku chowotcherera chopanda mtovu, chimene chimafuna madigiri pafupifupi 217. Ife timangochitchabe mtovu, dzina linatsala pamene chinthucho chinasintha. Motero pochotsa polumikizira popsa, amalume amayamba athira mtovu wakale pamwamba pa wa kufakitale kuti zisakanikirane, zisungunuke msanga, bolodi isanakhale nthawi yaitali pamoto.

Akasintha polumikizira, amalume amaumiriza mwini foni kuti ataye chaja chakale. Ambiri amanyinyirika poganiza kuti akufuna kuwagulitsa china. Chifukwa chake n'chakuti dzimbiri ndi kupsa zimakhala mbali zonse ziwiri, ndipo mutu wa chaja wodyeka umawononganso polumikizira patsopano. Nditabwera ku yunivesite ndinadabwa kupeza kuti lamulo lomweli amalitsata anthu okonza makina a pinball ku America. Awa ndi makina amasewero okhala ngati tebulo lopendekeka, momwe kampira kachitsulo kamagubuduzika pakati pa tinyali tambirimbiri. Kampani ya Williams ya ku Chicago inasiya kuwapanga mu 1999, choncho otsalawo amakhalira kukonzedwa. Vuto lawo lodziwika ndi kupsa kwa polumikizira mawaya a tinyalito, ndipo akatswiri ake amasintha timiyendo ta pa bolodi pamodzi ndi mutu wa mawaya, osati chimodzi chokha. Nditawauza amalume, anaseka n'kunena kuti, "Ndiye kuti azunguwo nawo anaphunzira atalipira kawiri."

Ine ndinaphunzira polakwitsa. Tsiku lina amalume atapita ku Zomba kukagula zipangizo, kunabwera bambo wina wa ku chilumba cha Chisi. M'foni mwake munali manambala a amayi ogula nsomba a ku Limbe, ndipo ndi momwe ankalandirira ndalama za matemba omwe anali atatumiza kale. Boti lobwerera linali pafupi kunyamuka. Ndinati, "Khalani pansi bambo, sindichedwa." Ndinatenthetsa ayironi yowotcherera pa mbaula monga timachitira batire ya sola ikatha, koma makala alibe muyeso. Ndinaigwiritsa nthawi yaitali, ndipo pokoka polumikizira pakalepo, kachigamba ka kopa komwe kamwendo koyamba kamakhalapo kanamatuka n'kutsatira. Kopayo amangomatidwa pa bolodi ndi guluu, ndipo moto ukapyola guluuyo amagonja. Njira ya mavoti 5 inali itaduka.

Bamboyo anagona pa Kachulu usiku umenewo, boti litawasiya. Amalume atafika sanandikalipire pamaso pawo. Anapala utoto wobiriwira pa kanjira kodukako ndi nsonga ya lezala mpaka kopa anawala, anasolola kawaya kamodzi kowonda ngati tsitsi m'chingwe cha wailesi yakufa, n'kukawotcherera kuchokera pa kanjirako kufika pa kamwendo katsopano. Pamwamba pake anadonthezapo guluu kuti kasagwedezeke. Atalowetsa chaja, chizindikiro cha batire chinayamba kukwera. Ndalama ya ntchito sanalandire, ndipo ya malo ogona a bamboyo inachoka pa ndalama yanga yoyendera pobwerera kusukulu.