Mabuku anayi m'ndowa ya pulasitiki

Madzi a namondwe wa Freddy atalowa m'nyumba mwanga mu Malichi 2023, ndinathawitsa ana, mayi anga okalamba ndi mbuzi ziwiri. Mabuku ndinawasiya. Titabwerako ku msasa ku Bangula ndinapeza katoni yonse itasanduka phala, masamba atamatana ndi matope moti sukanawerenga ngakhale dzina la mlembi. Anali mabuku amene ndinatolera kwa zaka zoposa 20. Anzanga anali atataya abale, nyumba ndi ng'ombe, choncho kulira mabuku pagulu zikanakhala zamanyazi. Ndinangolirira mumtima.

Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikugula limodzilimodzi ndikapeza kangachepe. Kuno ku Chigwa cha Shire buku longowerenga pocheza silipezeka wamba. Ukalifuna umakwera minibasi, kudutsa Ngabu ndi Nchalo, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, n'kukwera zitunda za ku Thabwa mpaka ku Blantyre. Mwezi wathawu ndinapita kukazonda mlamu wanga kumeneko ndipo ndinabwerako ndi mabuku atatu. Ndati ndigawireko owerenga anzanga zimene ndapezamo.

Loyamba ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe ndinaligula kwa mnyamata woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Bukuli linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi nkhani ya mnyamata wosamva amene akukula ndi khalidwe lakuba, kupita kutali kukafuna ntchito, kenaka kubwerera kwawo, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Ndili mnyamata ndinkangoseka zochita za Nthondo. Ulendo uno sindinaseke kwambiri, chifukwa ndinkaona anyamata athu amene akuchoka m'midzi muno kupita ku Joni, makolo n'kutsala akudikira foni. Papita zaka zoposa 90 koma nkhaniyo ikadali yathu.

Lachiwiri ndi sewero la malemu Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, la mu 1978. Likukamba za Mbona, mlosi wa mvula amene adani ake anamuthamangitsa n'kumupha, yemwe kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi konkuno ku Nsanje. Ndinalimaliza usiku umodzi ndi tochi ya foni, nditakhala panja chifukwa m'nyumba munali ng'anjo. Chinandichititsa manyazi n'chakuti mwana wanga wamkazi, yemwe ali Fomu 3, atafunsa kuti Khulubvi ali kuti, ndinazindikira kuti sindinamuuzepo chilichonse za malo amene ali m'boma lake lomwe.

Lachitatu sindinagule, anandipatsa mnzanga wina wakale atamva za tsoka langa. Ndi The End of Chidyerano la Elias Mandala, katswiri wa mbiri yakale wa kuno ku Malawi, lomwe linasindikizidwa mu 2005. Likufotokoza mbiri ya chakudya ndi moyo wa tsiku ndi tsiku kuyambira 1860 mpaka 2004, ndipo zambiri mwa nkhani zake n'za chigwa chathu chino. Mandala salemba kuti Shire, amalemba kuti Tchiri, monga amatchulira agogo athu. Akukamba za njala zikuluzikulu za 1862 mpaka 1863 ndi 1922 mpaka 1923, koma akutikumbutsanso za njala ya chaka ndi chaka, ija imabwera nkhokwe zikatha, yomwe sitchuka pawailesi koma ndi imene imafooketsa anthu. Chingerezi chake n'cha kuyunivesite, ndime zina ndimachita kubwereza katatu.

Tsiku lina madzulo ndikuwerenga pansi pa mtengo wa nimu, mayi anga anafunsa chimene chandigwira mtima chotere. Ndinawauza kuti ndikuwerenga za chidyerano.

"Iwe, wakuuza ndani za chidyerano?" anatero.

"Zalembedwa m'bukumu, Amayi."

Anasiya kusola mphasa n'kuyamba kundifotokozera okha. Anati mayi aliyense ankaphika kwake, koma nsima ndi ndiwo ankabwera nazo pamalo amodzi, amuna kudyera mbali yawo, amayi ndi ana mbali yawo. Amene tsikulo wasowa ufa sankadziwika, ndipo mwana wamasiye sankagona ndi njala anzake atakhuta. Anandiuza mmene ankalowera m'madambo kukazula nyika chaka chikavuta, osaopa ng'ona, ndi mmene ankasiyanitsira minda ya kumtunda ndi ya kudimba kuti kwina kukakanika, kwina kuwapulumutse. Ndinawawerengera ndime zingapo ndikumasulira. Pena ankavomera ndi mutu, pena ankati, "Ayi, kwathu sitinkatero."

Kenaka anafunsa funso limene landisowetsa mtendere mpaka lero: "Nanga bwanji analemba m'Chizungu, eni nkhani tili pompano?"

Ndinalibe yankho. Zoona zake n'zakuti mbiri ya chigwa chino inalembedwa ndithu. Mandala yemweyo ali ndi buku lina la mu 1990 lonena za ntchito ndi ulimi kuno. Wansembe Matthew Schoffeleers analemba River of Blood mu 1992, lofotokoza chipembedzo cha Mbona. Ngakhale David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, analemba za midzi ya Amang'anja imene anaiona. Koma onsewa ali m'Chingerezi, ndipo ambiri anasindikizidwa kunja. Agogo amene anapereka nkhanizo sangawawerenge, adzukulu awo sangawapeze. Zotsatira zake mwana wa ku Makhanga amakula akudziwa kuti kwawo kumatchuka ndi kusefukira kwa madzi, kutentha ndi chimanga chathandizo basi.

Pempho langa kwa osindikiza mabuku ndi akatswiri athu a zilankhulo n'lakuti atiganizireko. Ngakhale timabuku tating'ono tofupikitsa mbiri imeneyi m'Chichewa ndi m'Chisena tingathandize kwambiri m'sukulu ndi m'midzi.

Podikira zimenezo, ndagula buku lachinayi pagolosale ya pafupi nafe. Ndi kope lachikuto cholimba, lopanda mawu. Madzulo aliwonse Amayi amayankhula, mdzukulu wawo amalemba, ine ndimafunsa mafunso. Tafika tsamba 31, ndipo dzulo tinali pa mayina a nsomba zimene ankagwira m'dambo la Ndindi.

Mabuku onse anayi ndimawasunga m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, yomwe ndaipachika pa mtanda wa denga, kutali ndi chiswe ndi madzi. Ndauza ana kuti madzi akadzabweranso, wina agwire dzanja la agogo ake, wina anyamule ndowayo.